ZA MALOBOTI NDI ANA ATHU OYAMBA MAPHUNZIRO A MAKOMPYUTA PA YUNIVESITI

Mau amene mmodzi wa ife, mphunzitsi wa masamu, analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi a masukulu a mishoni.

Pamene munaona pa ndondomeko ya msonkhano kuti ndidzalankhula za maloboti, ndikhulupirira kuti ena a inu munaseka mumtima ndi kunena kuti, "Ife tiphunzitsa m'zipinda zodontha, coko citithera temu isanathe, ndipo magetsi tiwaona pokhapokha tapita kuboma, nanga maloboti a ku yunivesiti atikhudza bwanji?" Funso limeneli n'loyenera, ndipo ndidzayesa kuliyankha ndisanakhale pansi. Koma poyamba ndipempha kuti mumve nkhani ya mwana mmodzi, pakuti ndiye anandicititsa kufunafuna zinthu zimene ndidzakuuzani.

Panali mtsikana amene ndinamphunzitsa masamu zaka zitatu. Pa ana onse amene anapita m'manja mwanga, sindikumbuka wina amene anamposa pa kuwerengera. Atate wace ndi mlimi wa nshawa ndi thonje, ndipo pamene mwanayo anasankhidwa kukaphunzira za makompyuta pa yunivesiti ina, anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti amkonzere ulendo. Mudzi wonse unamperekeza kumseu. Ife a kusukulu tinanyada kwambiri, pokumbuka kuti pamene dziko lino linalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu athu okhala ndi digiri anali pafupi 100 okha, ndi kuti yunivesiti yathu yoyamba inatsegulidwa m'caka ca 1966. Tsono kuona mwana wa m'mudzi wopanda magetsi alikupita kukaphunzira makompyuta cinali cinthu cacikulu kwa ife.

Atapita masabata atatu, lamya yanga inalira usiku. Anali iye. Anati, "Aphunzitsi, ndifuna kubwerako. Kuno si kwa anthu onga ine." Ndinamfunsa ngati alikudwala, kapena ngati ndalama zamthera, koma anati iai. Cimene cinamfooketsa ndi ici: anzace ocokera ku masukulu a m'tauni, zala zao zinali kuthamanga pa mabatani osayang'anako, pamene iye anali kutola lemba limodzi limodzi monga nkhuku itola mapira. Akalemba malangizo ace, kompyuta inali kumbwezera mau a Cingerezi osamveka, ndipo sanathe kuzindikira pamene walakwa. Kufunsa anacita nako manyazi, poopa kuti onse adzadziwa kumene acokera. Anayesa kuti anzace onse alikumva, ndi kuti mbuli ndi iye yekha.

Ndinampempha kuti apirire kufikira temu ithe. Zimene zinacitika pambuyo pace ndidzakuuzani. Koma tiyambe tamvana za cinthu cimene tilikunena.

LOBOTI N'CIANI?

Ambiri a ife tikamva za maloboti tiganiza za nyali zija zofiira ndi zobiriwira zimene ziimitsa magalimoto pa mphambano za ku Lusaka. Lero sindinena zimenezo. Dzina limeneli analichukitsa Karel Čapek, mlembi wa ku Prague, m'sewero lace lochedwa R.U.R. la m'caka ca 1920, mmene anasimba za anchito opangidwa ndi manja a anthu. Linacokera ku liu la cinenero ca kwao lakuti robota, ndilo nchito yokakamiza imene anthu osauka anali kugwirira mwini dziko. Makolo athu akadati thangata, kapena cibalo.

Loboti imene apatsa ophunzira a caka coyamba si yooneka ngati munthu ai. Ndi kanthu kakang'ono kolingana ndi mbale ya ndiwo, ndipo kali ndi zigawo zitatu. Coyamba, magudumu awiri, lililonse lili ndi kainjini kace koyendera batire. Caciwiri, timaso timene kazindikira nato kuwala, kapena cinthu cimene caima patsogolo pace. Cacitatu, kakompyuta kakang'ono kamene kasunga malangizo amene wophunzira walemba. Kaloboti kalibe nzeru, ndipo kalibe cifundo. Kacita cokhaco cimene kauzidwa, osati cimene mwini wace anafuna kunena.

Tinene kuti tajambula mzere wakuda pansi poyera, ndipo tifuna kuti kaloboti kautsate. Pansi pace pali timaso tiwiri, kena kumanzere kwa mzere, kena kumanja. Kalikonse kaponya kuwala pansi ndi kuyesa kuwala kumene kwabwerera. Pakuti coyera cibweza kuwala kwambiri, koma cakuda cikumeza. Wophunzira alemba malamulo atatu. Ngati diso lamanzere laona zakuda, ndiye kuti tapatukira kumanja. Cepetsa liwiro la gudumu lamanzere kuti tikhote kubwerera pamzere. Ngati diso lamanja laona zakuda, cepetsa la gudumu lamanja. Ngati onse awiri aona zoyera, pita patsogolo. Potsiriza alamula kuti kaloboti kabwereze mafunso amenewa kosalekeza, nthawi zambiri pa sekondi imodzi.

Onani tsono kuti m'kanchito kameneka muli maziko atatu a maphunziro onse a makompyuta: kuika zinthu m'dongosolo lace, ici poyamba ndi ico pambuyo, kusankha njira monga mwa cimene capezeka, ndi kubwereza. Malangizo amene ayendetsa ndalama zimene titumizirana pa lamya ndi aatali ndi obvuta koposa, komabe amangidwa pa maziko omwewa.

CIFUKWA CACE KALOBOTI KATHANDIZA MLENDO

Tibwerere kwa mtsikana uja. Pa sabata lacisanu mphunzitsi wao anawagawa atatu atatu, napatsa gulu lililonse kaloboti, nawalola kupita nako kumene agona. Nchito yoyamba inali yapafupi: kaloboti kayende mbali zinai zolingana, kabwerere pamene kanayambira. Gulu la mwana wathu linali ndi anyamata awiri a m'tauni. Iwo analemba malangizo msanga, koma kaloboti kanakana kuyenda coongoka. Nthawi zonse kanali kupendekera kumanzere, nikagunda mwendo wa tebulo. Anafafaniza ndi kulembanso madzulo onse, osapindula kanthu.

Mwana wathu anakula ndi alongo ace opanga magalimoto a waya, ndipo anadziwa kuti galimoto ikakhotera mbali imodzi uyamba wayang'ana magudumu. Anakanyamula kaloboti, naika cizindikiro ca inki pa gudumu lililonse, nawerenga. Anapeza kuti pamene lamanja lizungulira ka 10, lamanzere lizungulira ka 9 kokha, cifukwa timainjini tiwiri, ngakhale ticokere m'fakitale imodzi, sitilingana mphamvu kweni kweni. Malangizo a anyamata aja analibe colakwa. Cosoweka cinali masamu a magawo amene tiphunzitsa ife kuno. Anawauza kuti acepetse mphamvu ya gudumu lamanja kufikira magawo 9 mwa 10, ndipo kaloboti kanayenda bwino. Kuyambira tsiku limenelo anyamatawo anayamba kumfunsa masamu, iyenso analeka kuopa kuwafunsa za mabatani. Sanabwerere kumudzi.

Ndinalingalira nkhani imeneyi masiku ambiri, ndipo ndiona zifukwa zitatu zimene kaloboti kathandizira mlendo pa yunivesiti.

Coyamba, colakwa cioneka ndi maso. Pa galasi la kompyuta colakwa cibisala m'mau acilendo, ndipo mwana aganiza kuti cilema cili m'mutu mwace. Koma kaloboti kakakhotera kumanzere m'malo mwa kumanja, mwana aona yekha cimene cacitika, ndipo funso lace lisintha. Saleka pakuti, "Ine ndine wopusa," koma afunsa, "Cakhotetsa n'ciani?"

Caciwiri, pamaso pa kaloboti onse ndi alendo. Mwana wa m'tauni angathe kuthamangitsa zala pa mabatani, koma kaloboti kacenso kagunda khoma, ndipo onse aseka pamodzi. Kuseka kotere sikunyoza munthu. Mwana wa kumudzi aona ndi maso ace kuti iwo amene anawayesa odziwa zonse alakwanso kasanu kapena kakhumi asanalungamitse nchito, ndi kuti kulakwa ndi kukonza ndiyo nchito yeni yeni ya phunziro limeneli.

Cacitatu, nchitoyi igwiridwa m'gulu. Mutu umodzi susenza denga: wina adziwa kulemba malangizo, wina adziwa kuyeza, wina ali ndi manja aluso pomanga waya. Mwana amene wasiya makolo ndi abale ace kutali sasowa nzeru zokha, asowanso anzace. Ndipo amene wagwada pansi ndi anzace kuthamangitsa kaloboti kufikira usiku sadzadyanso nsima yekha mawa lace.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Seymour Papert, katswiri wa masamu amene anabadwira ku Pretoria m'caka ca 1928, anagwira nchito zaka zingapo ku Geneva pamodzi ndi Jean Piaget, amene dzina lace tinalimva tonse ku koleji ya uphunzitsi. Atapita ku America, iye ndi anzace Wally Feurzeig ndi Cynthia Solomon anakonza m'caka ca 1967 cinenero ca kompyuta ca ana cochedwa Logo, ndipo posacedwa anaonjezapo kaloboti koyenda pansi kokhala ndi colembera pamimba pace. Anakachula fulu. Mwana akalamula fulu kupita patsogolo ndi kukhota, fuluyo anali kusiya mzere pa pepala. Papert anaona kuti fulu akasokera, mwana angathe kuimirira, nayenda yekha njira imene analamula, napeza ndi thupi lace pamene panalakwika. Anafotokoza zimenezi m'buku lace lochedwa Mindstorms la m'caka ca 1980, ndipo kampani ya LEGO inatenga dzina lomwelo pamene inayamba kugulitsa maloboti ace ophunzirira m'caka ca 1998.

CENJEZO LOCOKERA KU SUKULU YA ASILIKALI

Ndikadaleka pamenepa, mukadaganiza kuti loboti ndi mankhwala ociza matenda onse, ndipo ndikadakunamizani. Nkhani ya mwana mmodzi si umboni wokwanira. Imvani tsono zimene zinapezeka pamene anthu anayesa ndi ana ambiri.

Ku Colorado, m'dziko la America, kuli sukulu ya asilikali a ndege yochedwa United States Air Force Academy. Aphunzitsi awiri a kumeneko, Barry Fagin ndi Laurence Merkle, anafuna kudziwa zoona zace. Kwa caka cathunthu anatsata ophunzira oposa 800 amene anali kuyamba phunziro la makompyuta. Ena anaphunzira ndi maloboti a LEGO, ena anaphunzira ndi makompyuta okha monga mwa kale, ndipo onse analemba mayeso amodzimodzi. Zotsatira zace, zimene anazifalitsa m'caka ca 2002, zinadabwitsa ambiri: a maloboti anakhoza pang'ono kuposa mmene anakhozera opanda maloboti, ndiko kunena kuti anatsalira m'mbuyo, ndiponso maloboti sanaonjeze ciwerengero ca iwo amene anasankha kupitiriza phunzirolo.

Amuna awiriwa ayenera ulemu, pakuti sanabise cimene sicinawakomere. Ndipo anachula cifukwa cimene anaciona cacikulu. Maloboti anali kukhala m'cipinda cophunziriramo, ndipo wophunzira anali kuwagwira pa maola oikika okha. Mnzace wopanda loboti anali ndi mpata woyesa malangizo ace madzulo m'cipinda cace, kulakwa, kulingalira, kukonza ndi kuyesanso nthawi zambiri monga anafunira. Koma wa loboti, nzeru ikamfikira usiku, analibe poiyesera kufikira tsiku la phunziro. Comweco cipangizo cimene cinabwera kudzathandiza cinasanduka copinga, cifukwa cinali cotsekeredwa.

Ena anamva cenjezo limeneli. Pa zaka zoyamba pambuyo pa 2000, acinyamata ofuna kuphunzira makompyuta ku America anacepa kwambiri, makamaka atsikana. M'caka ca 2006 masukulu awiri, Georgia Tech ya ku Atlanta ndi Bryn Mawr College ya ku Pennsylvania, imene ili koleji ya akazi, anagwirizana ndi kampani ya Microsoft kuyambitsa bungwe lochedwa Institute for Personal Robots in Education. Lamulo lao lalikulu linali lakuti wophunzira aliyense akhale ndi kaloboti kace kace, ka mtengo wonga wa buku la phunziro, kokwana m'cikwama, kuti apite nako kumene agona. Anasankha kaloboti kochedwa Scribbler, kamene kali ndi boo pakati poikapo colembera monga fulu wa Papert, naonjezapo kakamera. Ndipo malangizo anali kulembedwa m'cinenero ca Python, cimene sicibvuta kwambiri kwa woyamba. Sanafune kuti ana onse asanduke opanga maloboti. Anafuna kuti woyamba akhale ndi cinthu m'manja mwace coyesera nzeru zace nthawi iliyonse.

Pamenepa ndiye pagona mutu wa nkhani yanga. Cimene cithandiza mwana si kukongola kwa makina kapena mtengo wace, koma ufulu wakuwagwira, kulakwa nao, ndi kuyesanso. Mtsikana wathu anapeza cilema ca gudumu usiku, m'nyumba yogona, pamene panalibe belu lomthamangitsa.

KABATI YA KU SUKULU YATHU

Anzanga, tsopano ndiyenera kuulula cinthu cimene cindicititsa manyazi. Pamene mwana uja anabwera pa chuthi, ndinamfunsa kuti, "Kodi usanapite ku yunivesiti, unagwirapo kompyuta kangati?" Anawerenga pa zala zace, ndipo sizinathe zonse. Komatu pa sukulu yathu makompyuta analipo. Anthu okoma mtima anatipatsa ocepa, pamodzi ndi magetsi a dzuwa. Tinawaphimba ndi nsalu, tinawatsekera m'cipinda, ndipo tinali kuwatsegula pa phunziro lace lokha, kapena alendo akabwera kudzaona sukulu. Mfungulo ya cipinda cimeneco inali m'thumba langa.

Sindinacite ici cifukwa ca kuipa mtima. Ndinaopa fumbi, ndinaopa mbala, ndipo koposa zonse ndinaopa tsiku limene adzandifunsa kuti, "Waononga ndani?" Inu nonse mudziwa mantha amenewa. M'masukulu athu ambiri muli kabati imene isunga mapu a dziko, galasi lokuza zinthu, mabuku a nthano ndi mipira, zonse zatsopano monga tsiku limene zinafika, ndipo ciswe ndico ciziwerenga. Tidziwa tonse fanizo la matalente m'buku la Mateyu, ndi zimene zinamgwera kapolo uja amene anakwirira cuma ca mbuye wace pansi. Iyenso sanabe kanthu. Anabweza zonse zamphumphu. Ine ndinaphunzitsa fanizo limeneli kwa ana nthawi zambiri, mfungulo ili m'thumba.

Ambiri a inu mukumbuka caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a makompyuta, ndi kuti m'masukulu ambiri ana anadikira mosinthana pa makina owerengeka kufikira usiku. Kucepa kwa makina ndi bvuto loona, ndipo tiyenera kupitiriza kulinena kwa akulu a maphunziro. Koma pamene makina ali ocepa, ndi pomwe ayenera kugwira nchito maola ambiri. Kompyuta yofa ndi zala za ana yatha nchito yace mwaulemu. Koma yokalambira pansi pa nsalu yapita pacabe.

ZIMENE TINGACITE IFE A KUMUDZI

Tsono ndiyankhe funso lija la poyamba. Sitingathe kugulira mwana aliyense loboti, koma m'mera mpoyamba, ndipo makhalidwe amene kaloboti kaphunzitsa pa yunivesiti tingathe kuwabzala ife ndi zinthu zimene tili nazo. Ndichula zisanu.

Coyamba, tsegulani kabati. Ikani maola a madzulo ndi a Loweruka, sankhani ana okhulupirika awiri kapena atatu osunga buku la olowa ndi oturuka, ndipo gwirizanani ndi Mphunzitsi Wamkulu ndi komiti ya makolo kuti cinthu coonongeka pa kuphunzira sicidzayesedwa mlandu wa mphunzitsi.

Caciwiri, sewerani fulu pabwalo. Izi sizifuna magetsi kapena ndalama. Gawani ana atatu atatu. Mmodzi akhale loboti, ndipo aloledwa kumva malamulo awiri okha: pita patsogolo mapazi akuti, ndi khotera kumanja kapena kumanzere madigiri akuti. Awiri enawo alembe malamulo onse pa pepala lobotiyo asanayambe kuyenda, ndipo akayamba palibe kusintha kapena kumnong'oneza. Iye akoke ndodo pansi kuti njira yace ioneke. Yambani ndi cinthu ca mbali zinai zolingana. Ana adzalemba mizere 8, pita, khota, pita, khota, pambuyo pace afunseni ngati angathe kufupikitsa, ndipo wina adzapeza yekha kuti n'kokwanira kunena, "Bwereza kanai: pita mapazi 5, khota madigiri 90." Mwana ameneyo wapeza cimodzi ca maziko atatu aja.

Pamenepo apatseni cinthu ca mbali zitatu zolingana. Pafupi onse adzalamula kukhota madigiri 60, cifukwa tinawaloweza pamtima kuti ngondya iliyonse ya cinthu cotere ndi 60. Loboti adzayenda, ndipo cithunzi sicidzatsekeka. Cidzaturuka theka la cipinda ca cisa ca njuci. Inu musawauze yankho. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Alekeni atsutsane, ayende okha, kufikira aone kuti woyenda sakhota ngondya ya mkati koma ya kunja, ndiyo 120, ndi kuti aliyense wozungulira cithunzi cotere nabwerera pamene anayambira, atayang'ana kumene anayang'ana poyamba, wakhota madigiri 360 onse pamodzi. Ine ndinayesa ici ndi ana anga, ndipo phunziro la ngondya limene linali kunditengera masabata linalowa pa masiku awiri.

Cacitatu, sinthani mayankhidwe anu pa colakwa. Mwana akalakwa samu, dzanja lathu lithamangira inki yofiira. Yesani nthawi zina kunena, "Pali mzere umodzi wolakwika, upeze." Lemekezani wopeza colakwa cace monga mulemekeza wokhoza poyamba. Makolo anati safunsa anadya phula. Koma ngati mwana asekedwa tsiku lililonse limene afunsa, ndife tamphunzitsa kudya phula, ndipo adzapita nalo khalidwe limenelo ku yunivesiti.

Cacinai, musanyoze magalimoto a waya, ndipo musathamangitse atsikana pamene apangidwa. Mwana wopinda waya aphunzira za magudumu, za kulemera ndi za kuyeza. Kumene kuli kalabu ya JETS, ipatseni mphamvu. Ndipo musaganize kuti loboti iyenera kukhala ya mtengo wapatali. M'caka ca 2012 Ayorkor Korsah wa ku Ashesi University m'dziko la Ghana, pamodzi ndi Ken Goldberg wa ku Berkeley, anaitana anthu a maiko onse ku mpikisano wopanga loboti yophunzirira ya madola 10 okha, poganizira masukulu a mu Africa. Mmodzi wa opambana, Tom Tilley wa ku Thailand, anapanga yace ndi kacipangizo kamene ana asewerera nako masewera a pa kompyuta, naika maswiti awiri a pakamtengo kuti akhale nyanga zozindikira cinthu cimene yagunda. Ndipo mtengo wace sunakwane madola 9. Sukulu imene ingathe kugula mpira ingathenso, ikafuna, kusonkha za kaloboti kamodzi. Koma kakabwera, kasalowe m'kabati.

Cacisanu, musaleke mwana pa tsiku limene zotsatira za mayeso zaturuka. Asanapite, khalani naye pansi, mumuuze zoona: kuti adzapeza anzace othamanga pa mabatani, kuti masabata oyamba adzadziona wotsalira, ndi kuti ici sicitanthauza kuti malowo si ace. Muuzeni kuti kukapezeka kalabu kapena gulu lopanga maloboti, alowe pa sabata loyamba, angakhale sadziwa kanthu. Ngati pali wina wa sukulu yanu amene anatsogola kumeneko, alumikizeni. Ndipo mpatseni nambala ya lamya yanu. Mwana wanga uja akadapanda kukhala ndi munthu womuimbira usiku umene uja, kapena akadakwera basi m'mawa mwace, ng'ombe ziwiri za atate wace zikadapita pacabe.

Bambo Wapampando, ndatenga nthawi yanu yambiri. Mtsikana uja tsopano ali m'caka cace cacitatu. Pa chuthi capita anabwera ku sukulu ndi kaloboti kamene anamanga yekha, nakaika pansi m'cipinda cija cimene ndinali kutseka, ana ang'ono atamzinga. Kanayenda pang'ono, nikagunda mwendo wa benci. Ana anaseka, iyenso anaseka, nawafunsa kuti, "Ndani angandiuze cimene calakwika?" Manja asanu ndi awiri anakwera, ndipo anai anali a atsikana. Mfungulo ya cipindaco tsopano ikhala pa msomali mu ofesi, pamene ana osankhidwa angaitenge.

Pamene mubwerera ku masukulu anu, ndipempha cinthu cimodzi: tsegulani kabati yanu sabata lino, muone zimene zilimo, ndipo mudzifunse kuti zilikudikira yani. Mulungu adalitse nchito ya manja athu ndi ana amene anatipatsa kuti tiwalere.